Thumba Lachitatu la a Zitseko

Aliyense mumsewu muno akudziwa kuti alamu anga, a Zitseko ometa aja, anali munthu wa matumba atatu. Jekete yawo yoyera ya kuntchito anakaisoketsa dala kwa telala: thumba lakumanja linali la mimba, lakumanzere la lendi, ndipo lachitatu, la pachifuwa penipeni, linali la mawa. Ndalama iliyonse yolowa m'manja mwawo ankaigawa patatu pomwepo, wolipirayo akuona. Thumba lachitatulo linali lothina kukamwa, moti ndalama inkalowa mokankha koma chala sichikanaitsata. Loweruka poweruka ankachita kudula ulusi ndi lezala, kukhuthula, n'kusokanso okha.

Ndiye tsiku lowaika m'manda kunaimirira akuluakulu onenepa makosi, wina n'kumati, "Abale, tataya chitsanzo. Anthu a masiku ano amadya zonse zimene apeza, koma malemuwa ankasunga gawo limodzi mwa magawo atatu, mwezi ndi mwezi, osaphonya." Anthu n'kumagwedeza mitu. Ine mtima unachita kuwira. Chitsanzo! Chitsanzo chake chiti? Bwerani ndikuuzeni ine amene ndinachinyamula chitsanzocho pamsana, mpaka lero ndimadzuka nditagwira m'chiuno.

Ine ndine wa kapikapu kobiriwira kaja kamaima pakona, konyamula katundu wa anthu. Akazi awo a Zitseko ndi achemwali anga enieni, bere limodzi, ine wamng'ono. Mayi amenewo moyo wawo wonse anapempha chinthu chimodzi chokha. Sanalirirepo nsapato za gogoda, wigi kapena sofa. Ankafuna nyumba yawoyawo, ngakhale ya chipinda chimodzi, yoti mwezi ukatha pasabwere munthu wogogoda ngati wapolisi. Alamu powafunsira analonjeza ndi pakamwa pawo kuti, "Ukangondilola, ndikumangira." Achemwali analola tsitsi lili bii. Anadikira mawu amenewo mpaka imvi mbuu.

Musandimve molakwa, kumeta ankakudziwa mkulu uja. Dzanja lawo linali lopepuka, moti anthu ankawodzera pampando. Vuto linkayamba mukafika pa ndevu. Thovu lili mbuu kumaso, lezala ili pakholingo, m'pamene mlandu unkayamba.

"Mwezi uno mwasunga gawo lanji, akulu?"

"Theka, a Zitseko."

"Bodza."

"Chabwino, gawo limodzi mwa magawo khumi."

"Bodzanso. Nanga nsapato zatsopanozo zagwa kumwamba?"

Munthu lezala ikakhala pakhosi amanena zoona zimene sanauzepo ngakhale mkazi wake. Amuna akuluakulu ankaulula za mowa, za juga, za foni yachiwiri yobisa m'sokosi. Mzere wonse wodikira pabenchi unkamva, ndipo pofika madzulo msewu wonse unkadziwa.

Tsiku lina anabwera makaniko wa pagalaja paja, amene malipiro ake sankaona dzuwa la Lolemba. Atamufunsa funso lija, iye anayankha mwamwano. "Ine ndimadya zonse, bwana. Mawa lidzadziwa lokha. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

A Zitseko anameta kumanja, anameta pakati, kenako anazimitsa mashini n'kuyamba kumukuntha tsitsi paphewa.

"Ndatha. Wotsatira."

"Mwatha bwanji? Nanga mbali inoyi?"

"Imeneyo ndakusungira. Udzaipeza mwezi wamawa, itachulukanso."

Makaniko anatukwana, anapempha, analonjeza kulipira kawiri, koma ayi ndithu. Anayenda ndi chipewa cha ubweya dzuwa likuswa mtengo, ndipo ana a sukulu ankamutsatira kuti achivule. Koma mwezi utatha anabweranso pampando womwewo. Tonsefe tinkabwerera, kaya anatidyetsa chiyani.

Tsono mverani kumene ndalama za m'thumba lachitatu zinkapita, chifukwa onenepa makosi aja sanakutchule. Poyamba alamu ankasunga ndalama zenizeni, m'chitini cha mkaka. Koma achibale ali ndi mphuno. Kunabwera msuweni wawo wina akulira mamina tsaa, ati mwana ali kayakaya kuchipatala. Alamu anakhuthula chitini chonse. Sabata yotsatira anakumana naye msuweni uja ali panjinga yatsopano, akuimba belu, mwana wodwala uja ali pakaliyala akudya switi.

Kuyambira tsiku limenelo anasintha chiphunzitso. "Mlamu," anandiuza, "ndalama ili ndi miyendo. Kubanki nakonso amakudula ndalama chifukwa chokusungira ndalama. Koma unamvapo munthu akulawirira pakhomo pa mnzake kuti, 'Zandivuta, ndibwerekeniko chitseko'?"

Ndinaseka. Ndikanadziwa ndikanalira. Loweruka lomwelo anapita kuhadiweya, n'kubwera atasenza chitseko pamutu, msewu wonse ukuonerera. Dzina lija linayambira pamenepo.

Chitseko chinabala chinzake. Panabwera mafelemu a mawindo, malata, misomali ya m'makatoni, mahinjesi, maloko, mapaipi, zitini za penti. Simenti ankaigula akangomva mphekesera yoti ikwera mtengo, ndipo mphekesera imeneyo sinkasowa. Zonsezi zinkalowa m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri. Alendo ankakhala pamatumba a simenti, n'kumachoka matako ali mbuu. Achemwali popita kuchipinda ankayenda cham'mbali ngati nkhanu. Bedi lawo analikweza pamwamba pa malata, moti munthu akatembenuka aneba ankati kukubwera mvula.

Koma chimene chinkandipweteka kwambiri ndi chimbudzi chija. Anagula chimbudzi chamadzi, chokhalira, choyera mbee, n'kuchiika pabalaza pakati. Achemwali chifukwa cha manyazi anachifunditsa kansalu koluka, n'kuikapo maluwa apulasitiki. Pamenepo banja lonse linkaima pamzere m'mawa uliwonse kudikira chimbudzi chokumba chakuseri, chogawana ndi mabanja ena onse a pamalopo. Abusa atabwera kudzacheza anasowa pokhala, anakhala pomwepo, n'kupemphera pemphero lalitali kwambiri. Palibe amene analimba mtima kuwauza.

Eni nyumba sankapirira. Wina anati pansi pakung'aluka ndi kulemera, wina anati anachititsa lendi anthu osati sitolo. Ndiye kusamuka kunali ngati matenda obwera chaka ndi chaka. Wonyamula anali ndani? Ine! Ulere! Anthu ena akamasamuka ndimapita ulendo umodzi, bedi, mipando, ziwiya, basi. Alamu anga ankandithera tsiku lathunthu, masipuling'i a galimoto akulira, iwo ali pambuyo akukuwa.

"Pang'onopang'ono, mlamu! Chimenecho n'chitseko cha kuchipinda chochezera!"

"Chipinda chake chili kuti?"

"Chikubwera."

"Chikubwera pabasi yanji, tikachichingamire?"

Ankangondiyang'ana momvera chisoni, ngati wodwala ndine. Pomaliza ankandipatsa tiyi wa shuga wowerengeka, n'kundifunsa kuti mwezi umenewo ndasunga gawo lanji.

Ndinawauzapo za simenti. Ndinati, "Alamu, simenti sasunga ngati nsapato. Imafuna kugwira ntchito ikadali yamoyo." Anandiyankha kuti, "Iwe umadziwa matayala. Za nyumba tisiyire ife omanga." Omanga! Munthu amene sanagwirepo njerwa ngakhale imodzi.

Mwina mukufunsa kuti nanga puloti? Eya, funso lake ndi limenelo. Munthuyu anali ndi chilichonse cha nyumba kupatula pomangapo. Kukaona malo tinkapita ndithu, ine ndikuyendetsa, achemwali atavala diresi yawo ya kutchalitchi, nkhope ikuwala. Tikafika alamu ankayenda m'malire, manja kumbuyo, n'kufunsa mtengo. Akangoumva ankalumpha ngati aponda moto.

"Dothi lenilenili? Munalipanga ndinu? Akuba inu!"

"Bambo, tiyeni tingopereka kaye pang'ono," achemwali ankanong'ona.

"Ayi, mayi. Malo sathawa. Atsitsa okha akaona kuti palibe wogula."

Pobwerera ankandiimitsa pahadiweya kuti mtima utsike, n'kutulukamo ndi chitseko china. Chaka chotsatira malo omwe aja mtengo unkakhala utakwera kawiri. Papuloti yoyamba imene anaikana ija lero pali malo omwetsera mafuta. Ndikamathira dizilo pamenepo ndimachita kutseka maso.

Chimene chinathyola khosi la nkhani ndi mvula. Nyumba yomaliza imene ankakhala inali ndi denga lobooka ngati sefa. Madzi ankadontha pabedi, pambaula, pamatumba a simenti. Achemwali ankathamanga ndi mabeseni, mapoto, ngakhale makapu. Ndinafika tsiku lina masana mvula ikukhuthuka, ndinawapeza atakhala pakona atafunda pepala lapulasitiki, akutsokomola, pamene malata atsopano ali mulu pansi pa bedi.

"Alamu, tulutsani malata awiri okha, ndikwera ndekha."

"Ndikonze denga la munthu wina ndi malata anga? Ndiye posamuka ndikazule?"

"Mkazi wanu akudwala!"

"Malata amenewa ndi a nyumba yake yomweyo. Ndikumusungira iyeyo."

Abale inu, ndinafuna kuwamenya ndi felemu la windo. Chinandigwira ndi ulemu wa chilamu basi. Koma achemwali anadzuka, anaika zovala zawo m'chikwama chimodzi, n'kukwera kutsogolo kwa pikapu yanga. "Tiye kwanu," anatero.

Anakhala kwathu. Alamu anayesa kulimba mtima, koma msewu wonse unaona jekete yoyera ija ikusanduka yotuwa, masaya akulowa. Ngakhale funso lawo lija anasiya kufunsa, anthu ankangometedwa mwakachetechete ngati pamaliro. Kenako tsiku lina anatulukira pakhomo panga, chipewa chili m'manja.

"Mayi, tiyeni kunyumba."

"Nyumba iti? Ija ndi hadiweya."

"Ndagula loko wina wabwino zedi, wa makiyi atatu."

"Mukatsekere chiyani, mphepo?" Achemwali sanakweze mawu, ndipo n'zimene zinandiopsa. "Bambo, tandiyang'anani bwino. Ndakalamba. Ana anakula akugona pakati pa mapaipi, anachoka osadziwa kuti kwawo n'kuti. Mawa munkanena lija lafika kale, ndipo likutha. Ndidzabwerera tsiku limene mudzandionetse dothi n'kunena kuti ili ndi lathu."

A Zitseko anavala chipewa chawo chozondoka, n'kumapita.

Ndinene zoona, apo anachita chamuna. Kuhadiweya anasiya kupondako. Thumba lachitatu lonse linayamba kusungidwa kuti agulire malo. Anagulitsa penti, mapaipi, mpaka chimbudzi chija, ndipo akuti pochikweza pangolo ya wogula anachisisita ngati mwana wopita kutali. Miyezi itapita anapeza kapuloti kumapeto kwa tauni, kumene minibasi imatembenukira, pamiyala, kakang'ono koti pikapu yanga pokhota inaponda malire a aneba. Ndalama imene analipira pamenepo kale lija ikanagula theka la msewu wathu uno. Koma achemwali atatsika anatapa dothi m'manja, analinunkhiza, misozi n'kumatsika. Madzulo omwewo anabwerera kwa amuna awo.

Mukuganiza kuti munthu uja anaphunzira? Aa, mphini yobwereza ndiyo imawala, koma pa alamu anga ngakhale mukanatema kakhumi. Itafika nthawi yokumba maziko ndinati tiitane anyamata aganyu.

"Ndilipire munthu kukumba dzenje, manja ndili nawo?"

"Ndilipira ndine, alamu."

"Ndalama imeneyo usunge. Ndiwe wosakaza, n'chifukwa chake galimoto yako imayenda ndi mapemphero."

Nkhalamba ya imvi, ya kuthamanga kwa magazi, imene moyo wake wonse chida cholemera chimene inanyamulapo ndi sizasi, inakabwereka piki n'kumakumba miyala nyengo yotentha. Lamlungu lina masana aneba a kumeneko anandiimbira foni. Ndinawapeza atakhala m'ngalande ya maziko, atatsamira dothi, mbali imodzi ya thupi itaferatu, pakamwa patakhota. Ndinawanyamula ngati mwana. Anali opepuka kuposa chitseko chilichonse chimene anandinyamulitsapo.

Kuchipatala anakhala masiku ochepa osalankhula. Kenako masana ena anandikodola ndi dzanja labwino lija. Achemwali anali atapita kukatunga madzi. Ndinawerama, ndikuti lero munthuyu apepesa, kapena andisiyira mawu oti ndikauze mkazi wake.

"Mlamu," anatero movutikira. "Piki ija."

"Piki yatani?"

"Ndi yobwereka. Ukabweze lero. Angatilipiritse."

Ndinatuluka. Ndinakafika pagalimoto, ndinamenya chitseko chake ndi chibakera mpaka chinapindika, kenako ndinakhala pansi pafupi ndi tayala n'kulira ngati mwana. Sabata yomweyo anatisiya.

Maliro atatha ndinalumbira kuti nyumba ija imangidwa, ngakhale ndigulitse pikapu. Ndinanyamula katundu yense ulendo womaliza, n'kuitana mmisiri womanga. Mmisiri anazungulira mulu uja, anatenga hamala, n'kugogoda thumba la simenti. Linalira kuti ngwee! Lachiwiri, ngwee! Onse anali atauma gwaa, miyala yeniyeni yovala mapepala. Misomali inali itagwirana ndi dzimbiri, katoni yonse chinthu chimodzi. Anakweza chitseko choyamba chija, chimene chinawapatsa dzina, chala chake chinangolowa kuti pyoo. Chiswe chinali chitadya mkati monse, chinangosiya khungu la vanishi. Tinayesa china, tinayesa china, zonse chimodzimodzi. Chiswe chimenecho tinkasamuka nacho nyumba ndi nyumba, ine ndikuchinyamula ulere.

Achemwali anayamba kuseka. Anaseka mpaka anakhala pansi, akumenya dothi ndi manja, ndipo sindinadziwe pamene kuseka kunathera ndi pamene kulira kunayambira. Ine ndinaima pamenepo ndikutukwana munthu wakufa. Gawo limodzi mwa magawo atatu a thukuta lake lonse, tiyi wopanda shuga, ana oyenda ndi nsapato zobooka, mkazi wofunda pulasitiki, zonsezo kunenepetsa chiswe! Ndiye wina aziima pamanda n'kumati chitsanzo?

Chinapulumuka ndi malata ndi mafelemu achitsulo. Nkhani itafika mumsewu muno, amuna onse amene anaululapo machimo awo pansi pa lezala ija anabwera okha, osaitanidwa. Wina mchenga, wina njerwa zotsala kwawo, wina manja ake basi. Matumba ouma aja mmisiri anawagwetsera m'maziko ngati miyala, ndiye tinganene kuti simenti ya alamu inagwira ntchito ndithu. Chitseko anakagula ndi makaniko uja, chatsopano, pangongole. Tinamanga chipinda chimodzi ndi kakhonde. Si nyumba yoti mungaijambule, koma ndi yolimba, ndipo palibe amene angagogode mwezi ukatha. Achemwali analowa, ndinawapatsa kiyi m'manja, ndinati basi, nkhani yatha.

Mumsewu muno tsopano mwazizira. M'shopu muja muli mnyamata wa nyimbo zaphokoso, amameta akuyang'ana foni, sakufunsa ngakhale dzina. Umalipira, umatuluka, palibe amene ali ndi ntchito yoti mwezi uno wadya zonse kapena ayi. Amuna amakhala pabenchi paja ngati anthu odikira basi imene inasiya kuyenda. Wina anandiuza kuti chichokereni a Zitseko sakusunganso kalikonse, chifukwa palibe womunamiza. Ine ndemwe, amene ndinkawatukwana tsiku ndi tsiku, ndimapezeka ndaima pakona ndikuyang'ana kumene ankachokera atasenza katundu pamutu.

Koma chimene chinandidabwitsa ndi achemwali. Patangopita masabata ochepa ndinayamba kuwaona m'mawa uliwonse akutsika minibasi, ulendo wonse uja kuchokera kumapeto kwa tauni. Amakhala kumapeto kwa benchi ya pashopu paja, chikwama pamiyendo, osagula kanthu, osagulitsa kanthu, mpaka dzuwa kupendeka. Ndinapirira, kenako zinandikwana. Ndinawapita.

"Achemwali, n'chiyani kodi? Moyo wanu wonse munkalirira nyumba. Tathyoka misana, anthu alowa m'ngongole, munthu wafera maziko. Lero nyumba ilipo, inu mukuisiya yokha n'kumadzakhala pabenchi pano ngati osowa kwawo. Yalakwa chiyani? Ikudontha?"

"Sikudontha."

"Aneba akukuvutitsani?"

"Aneba ali kutali, sandimva n'komwe."

"Nanga n'chiyani?"

Anayang'ana pakhomo pa shopu paja, akupotokola lamba wa chikwama.

"Iwe sukudziwa kanthu," anatero. "Zaka zonse zija ndinkameza mawu chifukwa makoma a lendi ali ndi makutu. Ndinkati tikadzalowa m'nyumba mwathu ndidzatseka chitseko, ndidzawakhazika pansi bambo aja, ndidzawakalipira bwinobwino kuyambira tsiku la ukwati mpaka lero, kenako ndidzawaphikira tiyi wa shuga wambiri, timwe. Tsopano chitseko ndimatseka, mawu onse ndili nawo pakhosi pano. Ndiwauze ndani?"

Kunabwera munthu wofuna kusamutsa katundu, ndinamuuza kuti galimoto yafa. Ndinakhala pabenchipo pambali pawo mpaka minibasi yawo inabwera.